Zotupa za M'kamwa mwa Mphaka: Chimene Mlimi Angachite ndi Chimene Sayenera Kuchita

Pa ziweto zonse za pakhomo, mphaka ndiye amene sawerengedwa. Ng'ombe zili ndi tsiku lake lopita kudibi, nkhuku zili ndi katemera wa chitopa, mbuzi nazo zimamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba; koma mphaka, amene ena timamutcha chona, amasiyidwa kuti adzionere yekha. Chikhalirecho iyeyo ndiye mlonda wa nkhokwe, wa matumba a chimanga ndi soya, ndiponso wa chipinda chosungiramo chakudya cha nkhuku. Ntchito yonseyi amaigwira ndi mano. M'kamwa mwake mukadwala, amaleka kusaka, amaonda, ndipo makoswe sachedwa kudziwa kuti pakhomo palibenso mlonda.

Zotupa za m'kamwa mwa mphaka zili zamitundumitundu. Zina zimatha ndi mankhwala osavuta, zina zimafuna kuti dzino lizulidwe, ndipo zina ndi khansa yoopsa. Chovuta n'chakuti zikamayamba zimafanana kwambiri, kotero kuti ngakhale dokotala wa ziweto sangazisiyanitse nthawi zonse pongoyang'ana. Motero udindo wa mlimi si kutchula dzina la matenda kapena kuchiza yekha. Udindo wake ndi kuona msanga, kudziteteza, ndi kufikitsa chiwetocho kwa odziwa nthawi isanathe.

Choyamba, ganizani za chiwewe

Mphaka wa chotupa m'kamwa amatuluka dovu ndipo amalephera kumeza. Mphaka wa chiwewe amachitanso chimodzimodzi. Pachifukwa chimenechi, musanapise chala m'kamwa mwa mphaka wotuluka dovu, imani kaye. Alimi a ng'ombe phunziro ili amalidziwa: ng'ombe ya chiwewe imaoneka ngati yatsamwidwa, ndipo munthu wopisa dzanja kukhosi kwake kuti achotse chotsamwitsacho amadziika pangozi yaikulu, pakuti kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu ndipo kamalowa pa kabala kalikonse ka pakhungu.

Chiwewe chilipo m'dziko lathu la Zambia. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Ochuluka kwambiri amawatenga kwa agalu, koma mphaka wolumidwa ndi galu wodwala amadwala nayenso ndipo angapatsire munthu. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, kuchira kulibe.

Dzifunseni mafunso atatu. Kodi mphakayu analandira katemera wa chiwewe? Kodi khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi, monga kulusa popanda chifukwa, kuluma zinthu, kulira ndi mawu achilendo, kapena kuzolowera anthu mopitirira pamene kale anali wamantha? Kodi akudzandira, kapena miyendo yakumbuyo yafooka, kapena nsagwada yangolendewera? Ngati sanatemeredwe ndipo chimodzi mwa zizindikirozi chilipo, musamugwire. Mutsekereni m'chipinda, ana asayandikire, ndipo dziwitsani a ofesi ya zaziweto ya boma la Kafue tsiku lomwelo. Nyama ya chiwewe kawirikawiri imafa asanathe masiku 10 kuchokera pamene zizindikiro zayamba, pamene mphaka wa chotupa amavutika pang'onopang'ono kwa masabata, nzeru zake zili bwinobwino, mwini wake akumudziwa.

Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti aone ngati mphakayo afe.

Zizindikiro zooneka musanatsegule pakamwa

Mphaka amabisa ululu. Mwa ichi, matenda a m'kamwa amadziwika poyamba ndi kadyedwe. Amathamangira ku mbale ngati wanjala, akanunkhiza n'kubwerera. Amatafunira mbali imodzi atapendeketsa mutu, chakudya chikugwa pansi. Nthawi zina amalira kapena kudumpha akaluma chinthu cholimba, ndipo amadzikanda pakamwa ndi phazi. M'kamwa mumanunkha, dovu limakhala ndi magazi, ndipo miyendo yakutsogolo imada chifukwa chopukutira dovulo. Popeza mphaka amasamba ndi lilime, ubweya wake umanyankhalala ndi kumangana lilime likamapweteka. Nkhope imatha kutupa mbali imodzi, pansi pa diso kapena pachibwano. Mbewa yogwidwa n'kusiyidwa yosadyedwa ndi mphaka amene kale sankasiya kanthu ndi chizindikiro china choyenera kuchisamala.

Kayang'anidwe ka m'kamwa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mwatsimikiza kuti za chiwewe palibe, khalani anthu awiri pamalo owala, masana. Mmodzi amukulunge mphakayo m'thaulo kapena m'chitenje chokhuthala, mutu wokha utulukire, kuti zikhadabo zisagwire ntchito. Winayo avale magolovesi. Yambani ndi kukweza milomo kuti muone nkhama ndi mano, mbali zonse ziwiri. Kenaka gwirani mutu kuchokera pamwamba, chala chachikulu mbali ina ndi zala zina mbali inayo, muupendeketse kuti mphuno iloze kumwamba. Nsagwada yam'munsi imamasuka yokha, ndipo ndi chala chimodzi mungaitsitse pogwira pa timano tating'ono takutsogolo. Kuti muone kunsi kwa lilime, kanikizani pang'ono ndi chala kunja, pakati pa mafupa awiri a chibwano, lilime limakwera. Kuyang'ana konseku kusapitirire kamphindi kochepa. Mphaka akalira kapena kulimbana nanu, mulekeni. Amene ali ndi ululu waukulu amayenera kugonekedwa ndi jakisoni wa dokotala kuti ayang'anidwe bwino.

Ndi bwino kudziwa m'mene m'kamwa mwa mphaka wathanzi mumaonekera, kuti musachite mantha ndi zinthu zachibadwa. Mphaka wamkulu ali ndi mano 30. Mwana wa mphaka ali ndi mano 26 amkaka, amene amaguluka ndi kulowedwa m'malo pofika miyezi 6, ndipo pa nthawi imeneyo nkhama zimafiira pang'ono. Nkhama zathanzi n'zofiirira mosapitirira, zonyowa, zosatupa. Kumwamba kwa m'kamwa kuli mizere yopingasa, ndipo kuseri kwa timano takutsogolo tam'mwamba kuli kakhutu kakang'ono pakatikati; mphaka aliyense ali nako, si matenda. Amphaka a ubweya wofiirira ngati lalanje amakonda kukhala ndi timadontho takuda pamilomo ndi pankhama akamakula. Ngati timadonthoto n'tosalala, tosatukuka, tilibe vuto. Lamulo lothandiza ndi ili: yerekezani mbali ziwirizo. Chimene chili kumanzere ndi kumanja mofanana kawirikawiri n'chachibadwa. Chimene chili mbali imodzi yokha ndicho chofuna kufufuzidwa.

Minga, mafupa ndi zingwe

Ife a m'mbali mwa mtsinje wa Kafue timadyetsa amphaka athu mitu ndi zotsala za nsomba. Minga ya nsomba, makamaka yolimba ya mlamba, imatha kubaya nkhama, lilime kapena kukhosi n'kuthyokera momwemo. Pamalopo pamatupa ndi kuchita mafinya patapita masiku angapo. Fupa la nkhuku nalo limatha kupingasa kumwamba kwa m'kamwa pakati pa mano. Vuto lotere limayamba mwadzidzidzi, mphaka atangodya, ndipo limatha chobayacho chikachotsedwa.

Choopsa kuposa minga ndi chingwe cha mbedza, ulusi wa ukonde kapena wosokera matumba. Mphaka akameza chingwe, mbali ina imakola kunsi kwa lilime pamene mbali inayo yatsikira m'matumbo. Kunsi kwa lilime kumatupa ndi kuchekeka, ndipo mphakayo amasanza. Mukaona chingwe chotere musachikoke, pakuti chimacheka matumbo ngati mpeni. Mbedza nayonso isakokedwe chobwerera m'mbuyo chifukwa cha ndevu yake. Zonse ziwirizi ndi ntchito ya dokotala, ndipo ndi ya tsiku lomwelo.

Mano ndi nkhama

Zotupa zambiri zimachokera ku mano. Dzino lalitali losongoka likathyoka pomenyana kapena poluma chinthu cholimba, tizilombo timalowa mpaka kumuzu n'kupanga chithupsa. Chikakhala cha dzino lam'mwamba, tsaya limatupa pansi pa diso. Chikakhala cham'munsi, chibwano ndicho chimatupa. Chithupsacho chimaphulika, mafinya n'kutuluka, mwini n'kuyesa kuti chatha. Koma chimabweranso mpaka dzino lodwalalo litazulidwa. Pali nthenda inanso yofala mwa amphaka imene imadya dzino kuyambira m'munsi, pafupi ndi nkhama, ndipo kanyama kofiira kamamera n'kuphimba pobookapo. Kanyamako kamaoneka kakang'ono, koma ululu wake ndi waukulu.

Amphaka ena amatupa nkhama zonse ndi kumapeto kwa m'kamwa, kumene nsagwada ziwiri zimakumana. Mnofu wa pamenepo umafiira kwambiri, umachita timabulubulu, ndipo umatuluka magazi ukangokhudzidwa. Nthendayi imayendera limodzi ndi kachilombo ka chimfine cha amphaka kotchedwa calicivirus, kamene kamachititsanso zilonda palilime, kuyetsemula ndi manthongo. Imakulanso mwa amphaka amene chitetezo cha m'thupi chafooka chifukwa cha kachilombo ka FIV, kamene amphaka aamuna amapatsirana polumana. Tizilombo tiwiri timeneti sitigwira anthu. Mankhwala amachepetsa kutupako kwa kanthawi, koma amphaka ambiri otere amapeza mpumulo weniweni akazulidwa mano akumbuyo, ndipo amadya bwino ngakhale alibe manowo.

Chilonda cha pamlomo

Pali chilonda chimene chimabuka pamlomo wam'mwamba, pafupi ndi dzino lalitali, mbali imodzi kapena zonse ziwiri. M'mbali mwake n'motukuka ndi molimba, pakati n'pokumbika, pofiirira kapena pachikasu. Pa Chingerezi chimatchedwa rodent ulcer, ndiko kunena chilonda cha khoswe, chifukwa anthu akale ankayesa kuti mphaka amachitenga kwa makoswe amene amagwira. Tsopano zinadziwika kuti khoswe alibe mlandu. Kawirikawiri chimayamba thupi la mphaka likamadana ndi kulumidwa ndi nthata kapena udzudzu, kapena ndi chakudya china. Nthenda yomweyi imatha kutupitsa mlomo wam'munsi ndi chibwano, kapena kumeretsa timibulu tolimba tachikasu palilime ndi kumwamba kwa m'kamwa. Ngakhale chilondacho chimaoneka choopsa, nthawi zambiri sichipweteka, ndipo mphaka amadya monga mwa masiku onse. Chimachira ndi mankhwala ochepetsa kutupa ochokera kwa dokotala, pamodzi ndi kuthetsa nthata pa mphakayo, pa agalu a pakhomopo, ndi pogona pawo. Nthata zikasiyidwa, chilonda chimabwerera.

Thumba la malovu ndi zilonda za kupsa

Kunsi kwa lilime kumatha kutupa thumba lofewa, longa chibaluni chodzaza madzi, limene limakankhira lilime mbali imodzi. Amenewa ndi malovu amene aunjikana njira yake itavulala. Madokotala amalitcha ranula, dzina la Chilatini lotanthauza kachule, chifukwa limafanana ndi khosi la chule. Kuliboola n'kosathandiza, pakuti limadzazanso. Limafuna opaleshoni yaing'ono.

Zilonda zina ndi za kupsa. Mphaka akaponda palafini, asidi wa batire, soda wopangira sopo, mankhwala a dibi kapena otsukira khola la nkhuku, amanyambita mapazi ake, ndipo lilime limasupuka. Mphaka wokalamba amene ali ndi zilonda m'kamwa, akumwa madzi kwambiri, akuonda, ndipo mpweya wake ukununkha ngati mkodzo, vuto lake lili ku impso. Nkhama zotuwa ndi zotuluka magazi popanda chotupa zingasonyeze kuti wadya mankhwala a makoswe kapena khoswe wofa nawo.

Khansa

Chotupa choopsa koposa zonse ndi khansa. Mwa khansa 10 zilizonse za m'kamwa mwa amphaka, pafupifupi 6 kapena 7 ndi za mtundu wotchedwa squamous cell carcinoma. Imagwira makamaka amphaka okalamba, a zaka 10 kapena kupitirira, ndipo imakonda kunsi kwa lilime ndi nkhama za nsagwada zonse ziwiri. Poyamba imaoneka ngati kachilonda kosapola kapena nkhama yotupa pa dzino limodzi. Siifulumira kufalikira m'thupi, koma imadya fupa la nsagwada pamalo pomwepo. Dzino limagwedera ngakhale silinabooke, likazuka balalo silipola, nsagwada imalimba ndi kukula mbali imodzi, ndipo lilime limaleka kuyenda bwino.

Khansa imeneyi ikapezeka idakali yaing'ono, makamaka kutsogolo kwa nsagwada yam'munsi, dokotala angathe kuidula pamodzi ndi gawo la fupa, mphakayo n'kukhalanso ndi moyo. Koma yochuluka imapezeka mochedwa, ndipo amphaka otere ambiri satha chaka. Ochuluka amangokhala miyezi yochepa. Apa mpamene kuona msanga kumasiyanitsa moyo ndi imfa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Njira yokhayo yotsimikizira kuti chotupa ndi khansa kapena ayi ndiyo kudula kachidutswa kake, mphaka atagonekedwa, ndi kukapima ku labotale. Chotupa kapena chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha masabata awiri osachepa, ngakhale mankhwala aperekedwa, chiyenera kupimidwa motero, makamaka mwa mphaka wokalamba.

Zimene simuyenera kuchita

Safunsa anadya phula. Amphaka ena amafa ndi chithandizo cha eni ake, osati ndi chotupacho. Thupi la mphaka silitha kusungunula mankhwala ena amene anthu ndi ng'ombe amalandira bwinobwino.

Musamupatse Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol. Piritsi limodzi lokha lingathe kumupha, chifukwa limawononga magazi ndi chiwindi. Brufen, diclofenac ndi aspirin nazonso n'zoopsa kwa mphaka. Musatsuke m'kamwa mwake ndi Dettol, Jeyes Fluid kapena sipiriti. Musamusambitse ndi dibi wa ng'ombe pofuna kupha nthata, ndipo musamuthire mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin, amene amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa. Musadule chotupa ndi lezala, kuchimanga ndi ulusi, kapena kuchitentha; m'kamwa mumatuluka magazi ambiri, ndipo khansa yodulidwa pamwamba imangophukanso. Musabayenso mphaka jakisoni wotsala wa ng'ombe kapena wa mbuzi moyerekeza muyeso.

Chimene mungachite podikira dokotala ndi kumudyetsa zofewa: nsomba yophika yochotsedwa minga yonse, dzira lowiritsa lophwanyidwa, kapena nyama ya nkhuku yosinjidwa ndi msuzi wake, popanda mchere, anyezi kapena adyo, pakuti anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka. Chakudya chofunda pang'ono chimanunkhira ndipo chimamukopa. Nsima yokha siimukwanira, chifukwa mphaka ndi nyama yodya nyama. Madzi oyera akhale pafupi, ndipo dovu la pachibwano lipukutidwe ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda. Mphaka amene watha masiku awiri osadya kanthu asadikiritsidwenso, chifukwa chiwindi chake chimayamba kuwonongeka akakhala ndi njala masiku angapo.

Kopita

Poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaziweto ya boma, imene ili pansi pa Unduna wa Nsomba ndi Ziweto. Za katemera wa chiwewe ndi za nyama yokayikitsa zimafikira kumeneko. Pa zofuna opaleshoni, ekisire kapena kupima kachidutswa ka chotupa, ife a ku Kafue tili ndi mwayi wakuti Lusaka ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha. Kumeneko kuli madokotala a ziweto oyima paokha, ndiponso sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia, imene inayamba mu 1983 ndipo ili ndi chipatala cholandira agalu ndi amphaka.

Mphaka anyamulidwe m'katoni yolimba yoboola mabowo a mpweya kapena m'dengu lokhala ndi chivundikiro, osati m'thumba la feteleza lomanga kukamwa. Konzekerani kuuza dokotala zaka za mphakayo, tsiku limene munayamba kuona vutolo, zimene amadya, mankhwala amene anathiridwa pakhomo posachedwa, ndi tsiku la katemera wake womaliza. Kukula kwa chotupa kuyerekezeni ndi zinthu zodziwika: njere ya mapira, ya chimanga, kapena ya nshawa. Chithunzi chojambulidwa ndi foni pa tsiku loyamba ndi china patapita sabata chimathandiza dokotala kuona liwiro limene chotupacho chikukulira. Funsani za mtengo poyambirira, kuti musankhe chithandizo chimene mungathe kuchifikitsa kumapeto.

Nthawi zina dokotala adzakuuzani kuti khansa yapitirira ndipo palibe chochita. Mphaka wotere amamva njala koma sangathe kudya. Kukamutaya kuthengo kapena kumusiya kuti afe yekha ndi nkhanza kwa chiweto chimene chakutumikirani zaka zambiri. Dokotala ali ndi jakisoni womugoneka mpaka kalekale popanda ululu, ndipo kupempha zimenezo si kulephera kwa mlimi.

Kupewa

Si zotupa zonse zingapewedwe, koma zambiri zingachepetsedwe. Mphaka atemeredwe chiwewe kuyambira ali ndi miyezi 3, ndi kubwereza monga alangizi anenera. Tsiku la 28 Seputembala, limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, likhale chikumbutso chakuti potengera agalu ku katemera, mphaka asatsale. Mphaka wamwamuna athenedwe, kuti asamayendeyende ndi kumenyana. Kuthena sikumulepheretsa kugwira makoswe. Nsomba ichotsedwe minga, mbedza ndi maukonde zipachikidwe patali, ndipo mankhwala a kumunda ndi a ziweto atsekeredwe. Nthata zithetsedwe ndi mankhwala olembedwa kuti ndi a amphaka.

Koposa zonse, zolowezani mphaka wanu kugwidwa pakamwa adakali mwana, ndipo kamodzi pamwezi mukweze milomo yake n'kuyang'ana. Sankhani tsiku limene simungaliiwale, monga limene mumayendera matumba a m'nkhokwe kuona ngati anankafumbwe alowa, ndipo mulembe zimene mwaona m'buku lomwe mumalembamo za ziweto zina. Kachotupa kopezeka kali ngati njere ya mapira kamapatsa dokotala mpata wochitapo kanthu. Kakafika potsekereza lilime, mpatawo umakhala utapita.